M'mimba mwa Lusubilo

Firiji yanga ndi ya zakumwa ndi poloni, si ya mankhwala. Ndinamuuza choncho Gertrude m'mawa umene anafika pa spaza yanga, kagolosale kanga ka pakhomo, ndi kabotolo kake kokulunga m'pepala. Koma munthu amene lata la khoma lake ndi lomwelonso la khoma lako sungamumane malo a kabotolo kamodzi. Kuno ku Makause, komboni ya ku Joni, magetsi ndi ongolumikiza, lero ayaka mawa azima, ndipo pamzere wathu wonse firiji yoyendera gasi ili ndi ine ndekha. Ndinakankhira amasi, chambiko cha kuno, kumbali, kabotoloko n'kupeza pokhala.

"Ndi za Lusubilo," anatero Gertrude. "Andipatsa madamu a kuntchito. Akuti zisatenthedwe, muli tizilombo tamoyo."

"Tizilombo? Mwana akudwala kale, inu mukuti mumuwonjezere tizilombo?"

"Tabwino, a Mavis. Amati mapurobayotiki. Tikalowa m'matumbo timapitikitsa toipa tija. Akuti m'mimba mukakhala bwino mutu nawonso umakhala bwino, chimfine chimachepa, sitiresi imatsika. Mwana wa madamu chaka chatha ankangolira nthawi ya mayeso, manje ali shapu."

Ndinakatembenuza kabotoloko. Panali chithunzi cha mtsikana akuseka mano onse pamtunda. Ndinati kwathu tizilombo totere timangomwera m'chambiko popanda kujambulitsa. Gertrude sanaseke. Maso ake anali ofiira ngati a munthu wophikira nkhuni zaziwisi, ndipo nthabwala ndinazisiya, chifukwa tonse awiri tinkadziwa chinthu chimene tinauzidwa kuti tisachitchule.

Lusubilo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Gertrude anamubereka, koma sanamulere. Anamusiya ku Linthipe akungoyamba kuyenda, m'manja mwa mkulu wake Dorah, iye n'kubwera ku Joni kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Edenvale. Bambo wa mwanayo, mnyamata wa ku Karonga, anangosiya dzina n'kusowa. Dorah ndiye anamugulira yunifolomu yoyamba, ndiye ankagona naye kuchipatala malungo akamugwira, ndiyenso anamulangiza atakula. Mwanayo akati "amayi" ankanena Dorah. Gertrude anali "mami", mawu amene anawaphunzira pafoni. Pomuitanitsa chaka chinacho, Gertrude anandiuza poyera kuti akufuna mwana wake amudziwe asanakule n'kukwatiwa. Anagula bedi lachiwiri, anagawa mkhukhu wake, kanyumba kake ka malata, pakati ndi nsalu, anamupezera malo kusukulu. Mapolisi ankawaopa, moto ankauopa monga tonse okhala m'malata, koma chimene chinkamusowetsa mtendere kwenikweni chinali chakuti tsiku lina mwanayo adzati akufuna kubwerera kwawo.

Ndiye mu Ogasiti, mphepo ikutithira fumbi la m'migodi m'maso, Dorah anamwalira. Anagwa kudimba, pofika naye kuchipatala n'kuti atatisiya kale.

Uthenga unafikira Bonaventure, mlongo wawo, amene amalondera nyumba yosungiramo katundu ku Kempton Park. Anabwera mwana ali kusukulu, tinakhala atatu kuseri kwa spaza yanga. Bonaventure ndi munthu wabwino, koma amaiwala kuti geti walisiya kuntchito, ndipo pena amafuna kutsekera ndi kutsegulira anthu ngakhale pakhomo. Anagamula kuti mwana asauzidwe mpaka atalemba mayeso a kumapeto kwa chaka. Giredi teni ankaibwereza kale chifukwa cha zilankhulo za kuno, ndipo akagwanso, anatero, ndiye kuti sukulu yathera pomwepo. Anati kwathu uthenga wa maliro saugenda kwa mwana ngati mwala, umafuna nthawi yake ndi akuluakulu ake. Anaimbira abale onse kumudzi kuti pasapezeke woika chithunzi pafoni.

"Nanga Gertrude maliro a mkulu wake apita bwanji?" ndinafunsa.

"Ndipita ine. Gertrude akanyamuka, mwana adziwa."

Ine ndinakana. Ndinati mwana wa msinkhu umenewu si khanda, ndipo amene wapitayo ndi mayi ake omulera, kaya wina zimuwawe. Mawu amenewo anamulasa Gertrude, ndinaona. Bonaventure anandithokoza mwaulemu chifukwa cha mpando ndi tiyi, n'kundikumbutsa kuti mbumba ndi yake. Zoona, ine ndine wa spaza chabe. Koma Gertrude anavomera msanga kwambiri, ndipo sindikhulupirira kuti ankaganizira mayeso okha. Ankadziwa kuti mwanayo akakwera basi ya kumaliro, mwina yobwerera sadzaikwera.

Choncho Gertrude sanaponye dothi m'manda a mkulu wake. Tsiku loika maliro anakwera thekisi ya ku Edenvale monga masiku onse, anakolopa, anasita. Anandiuza kuti ankalirira m'kachipinda kochapira, makina akuzungulira kuti madamu asamve, kenako n'kusukusula n'kubwera kunyumba ndi buledi. Kwa Lusubilo anati foni ya amayi yagwera m'madzi, ndipo malume apita kumudzi pa nkhani ya munda.

Sipanapite nthawi mwanayo anayamba kudwala. Chakudya ankangochigwiragwira n'kuchisiya. Chimfine chimene anzake chinawatha ndi dzinja, iye chinamukakamira, chikati chatha n'kubwereranso ndi zilonda pamilomo. Siketi ya sukulu anayamba kuimanga ndi pini. Koma chimene anthu onse anachiona chinali chimbudzi. Zimbudzi zathu ndi zapulasitiki zija zondanda kumapeto kwa mzere, mabanja angapo chimodzi, aliyense ndi kiyi wake wa loko. Lusubilo ankatenga kiyi n'kukakhalamo mpaka anthu kutopa pamzere, agogo ena a Chisuthu kumenya chitseko uku akutukwana. Kusukulu nako aphunzitsi anatumiza mawu akuti mwanayu akupempha kutuluka pafupifupi phunziro lililonse. Gertrude anati n'kutsegula m'mimba. Anayamba kuwiritsa madzi akumwa, anamuletsa kota, buledi woikamo tchipisi uja, ndi acha wa pageti la sukulu, anamuphikira phala. Zitakanika anadandaulira madamu, ndipo madamu, mwa chifundo chawo, anapereka zimene zinathandiza mwana wawo. Iwo za Dorah sankazidziwa.

Kuyambira pamenepo Lusubilo ankadzera kwa ine m'mawa uliwonse popita kusukulu. Ndinkatsegula firiji, n'kumupatsa kapisozi mmodzi ndi kapu ya madzi. Ankalandira ndi manja awiri, monga Dorah anamulerera, osati ana a kuno amene amatsomphola chinthu maso ali pafoni.

"Wadzuka bwanji, Lusu?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu anti?"

"M'mimbamo?"

"Muli bwinoko."

Tsiku lililonse munali bwinoko, mwana akutha ngati sopo. Ndinkayesa kumuseketsa. Ndinkati tizilombo take tikudya lendi yaulere m'firiji yanga, tiyambe kusesako pakhomo. Ankamwetulira mwaulemu chabe, monga mwana amachitira wamkulu akanena zosaseketsa. Kale mtsikana ameneyu ankaima pawindo langa n'kumatsanzira kondakitala wa thekisi mpaka makasitomala kugwira nthiti. Ndinkamuyang'ana akumeza, mtima ukundipweteka, ndipo nthawi zina mawu ankafika pakamwa penipeni. Ndinkawabweza, chifukwa maliro a eni sulengeza ndiwe woyandikana nawo.

Lamulungu, potuluka kutchalitchi, inali nthawi imene Lusubilo ankalankhula ndi Dorah pafoni. Masabata oyamba ndinkamumva kudzera m'lata akufunsa.

"Mami, foni ya amayi ija anakonza?"

"Ayi, akuti yafa yonse. Malume awagulira ina kumapeto kwa mwezi."

"Nanga ya a neba aja, sitingaimbire?"

"Netiweki ya kumudzi ukuidziwa. Iwe limbikira mabuku, neh?"

Anafunsa choncho kangapo, kenako anasiya. Gertrude anati mwana wayamba kuzolowera, ndipo anathokoza makapisozi. Botolo loyamba litatha anakagula yekha lina kumashopu a ku Primrose. Sindinganame, zina zinasinthadi. Kutupa kwa m'mimba kumene ankadandaula akadya kunachepa, ndipo chimfine chinapita, kaya ndi tizilomboto kaya n'kutentha kumene kunali kutayamba, ine sindine dokotala. Koma kiyi wa kuchimbudzi ankamutengabe.

Tsiku lina m'mawa anafika pawindo langa mutu uli mbee. Maluko ake aja, amene Gertrude anamulukitsa mpaka kumsana, anali atapita onse. Anali atameta mpala, ndipo mokhala mabala a lumo ankaoneka kuti wadzimeta yekha. Kapu inatsala pang'ono kundipulumuka.

"Tsitsi lija lapita kuti?"

"Limayabwa, anti."

Madzulo ndinamukokera Gertrude kuseri. Ndinati mwana wa ku Linthipe sameta mpala popanda chifukwa, ndipo inu ndi ine tikudziwa kuti kwathu anthu amameta liti. Gertrude anakwiya. Anati atsikana a kuno theka lonse ndi ometa, ndi sitayilo. Anati madamu anamuuza kuti ana a msinkhu umenewu sitiresi ikawakwera amachita zachilendo, wawo uja anapaka tsitsi utoto wobiriwira. Anati ine ndimafuna zoipa zokhazokha. Ndinamuyankha mawu amene sindingawabwereze pano, ndipo tinatha masiku tikupatsana moni wa pakhosi. Kunena zoona Gertrude si wopusa. Ankaona zimene ine ndinkaona, koma akanavomera ndiye kuti anayenera kukhala pansi ndi mwanayo, ndipo zimenezo n'zimene sakanatha.

Tinayanjana chifukwa cha kiliniki. Mwana anachita chizungulire pamzere wa kusukulu, ndipo Gertrude anandipempha kuti ndiwaperekeze popeza Chizulu changa n'chowongokerapo. Nesi wake anali mayi wachikulire wosathamanga. Anamuyeza mwanayo, anamufunsa za kusamba, za kudya, za tulo. Gertrude anatulutsa kabotolo kopanda kanthu kamene anakasunga dala, n'kufunsa ngati awonjezere kuti akhale awiri patsiku.

Nesiyo anawerenga n'kukabweza. Anati zimenezi kwa mwana ngati uyu sizoopsa, ndipo ena m'mimba zimawathandiza. Za kukhazika mtima pansi ndi chitetezo cha m'thupi, anati ophunzira akufufuzabe, ena akuti zimathandizako ena akuti sizikudziwika bwino, ndiye asawonjezere. Kenako anavula magalasi n'kutiyang'ana tonse atatu.

"Mimba ndi mutu zimamvana, zimenezo n'zoona," anatero, ine ndikumasulira. "Koma msewu wake ndi wopita ndi wobwera. Nthawi zina mutu ndi umene umadwalitsa mimba. Pali chimene chachitika kunyumba? Mwana ameneyu wataya munthu, kapena pali chimene chikumuopsa?"

Ndinamasulira mawu onse osasiyako ngakhale amodzi, ndipo ndinawanena pang'onopang'ono. Lusubilo anatembenuka n'kuyang'ana mayi ake. Anawayang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Gertrude anali kuyang'ana chikwama chake.

"Palibe," anatero Gertrude. "Ndi mayeso basi."

Nesi anafunsa mwanayo mwini wake.

"Palibe," anateronso Lusubilo.

Anatipatsa mapiritsi owonjezera magazi, n'kunena kuti pa kilinikipo pamabwera munthu wocheza ndi achinyamata, mwana akafuna abwere yekha. Tinakwera thekisi yobwerera. Ine ndinali nditafufuma ndi mkwiyo moti ndinakangana ndi dalaivala pa nkhani yopanda mutu.

Mayeso anafika, mwana analemba. Ankawerengera pa benchi ya spaza yanga masana, chifukwa mu mkhukhu malata ankatentha ngati chiwaya. Mvula yoyamba inagwa, matope anadzaza m'tinjira. Pepala lomaliza analemba Lachisanu, ndipo Bonaventure anati mwambo uchitike Loweruka.

Anakonza zonse mwadongosolo, zimenezo ndiye amazitha. Mwanayo anamutuma ku Primrose kukagula nyama. Iye atangokhota, amayi a Mvano a kutchalitchi kwathu anafika atavala zitenje ndi mipango. Tinatulutsa mabedi ndi tebulo, tinachotsa nsalu yogawa chipinda ija, tinayala mphasa ndi mabulangete pansi monga zimakhalira pa siwa. Gertrude anakhala pakona atafunda chitenje kumutu. Bonaventure ndi mkulu wa mpingo mmodzi anakhala pa makireti pakhomo.

Lusubilo anabwera ndi jumbo ya nyama m'manja. Anaona mabedi panja, anaona nsapato za amayi zitaunjikana pakhomo. Anandipatsa jumboyo kuti ndiike m'firiji, anavula nsapato zake n'kuziika pambali pa zinazo, analowa n'kukhala pamphasa miyendo atatambasula.

Bonaventure anayamba patali, monga amachitira. Anati moyo uno ndi wa Mulungu. Anati kumudzi kunagwa zovuta m'mwezi wa Ogasiti. Amayi ako aakulu aja anapita kudimba ali bwinobwino, anadwala mwadzidzidzi, anthu anayesetsa kuthamanga nawo, koma zinakanika. Anatisiya, ndipo tinawasunga pafupi ndi agogo ako. Anati sitinakuuze chifukwa chokukonda, kuti ulembe mayeso ndi mtima umodzi.

Amayi a Mvano anali atakonzeka. Awiri anasendera pafupi kuti amugwire akadziponya pansi, wina anali atayamba kale kung'ung'udza nyimbo. Tonse tinadikira kulira kwa mwanayo kuti ife tilandire.

"Ndamva, malume," anatero Lusubilo. "Zikomo pondiuza."

Nyimbo ija inafera pakhosi. Bonaventure anayang'ana mkulu wa mpingo, mkulu wa mpingo anayang'ana pansi.

"Wamvetsa zimene ndanena, mwanawe? Ndikunena amayi ako a Dorah."

"Ndamvetsa. Ndinadziwa tsiku lomwe anaikidwa. Zakia, mnzanga wa ku pulayimale, ananditumizira uthenga wondipepesa. Anajambulanso nkhata za maluwa."

Gertrude anachotsa chitenje kumutu. "Unadziwa? Nthawi yonseyi? Osanena bwanji?"

"Mwana sauza akulu maliro, mami. Amayi anandiphunzitsa choncho. Anati ukamva zotere panjira umakhala chete mpaka akulu akukhazike pansi, sulira maliro asanalengezedwe. Ndiye ndimadikira kuti mundikhazike pansi."

Ankalankhula motsitsa, maso ali pa zala zake. Anati poyamba ankaganiza kuti mwina mami sakudziwa, ndipo ankawamvera chisoni powaona akupita kuntchito. N'chifukwa chake ankafunsa za foni, kuti mwina aimbe amve okha. Kenako anaona kuti dzina la amayi lasiya kutchulidwa m'nyumbamo, ngakhale pa pemphero la chakudya pamene kale silinkalephera. Pamenepo anazindikira kuti onse akudziwa, malume akudziwa, anti Mavis akudziwa. Apo anandiyang'ana pang'ono, ndipo ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Nditawerengera kuti kumudzi ameta, ndinameta nanenso," anatero. "Ndimaganiza kuti mukaona mundifunsa bwinobwino. Kukiliniki kuja ndimaganiza kuti munena."

"Nanga m'mimba muja?" Gertrude anafunsa. "Sumadwala?"

"Mumapweteka zoona. Mpaka pano mumapweteka. Koma kutsegula ayi, sindinatsegulepo. Kuchimbudzi ndimapita chifukwa n'kokhako kuli chitseko chokhoma. Muno mukanandimva."

Pamenepo Gertrude analira. Kulira kwa miyezi yonse kumene ankakubisa kuseri kwa makina a madamu kunatuluka nthawi imodzi, akuitana mkulu wake dzina, akufunsa kuti wamusiyira yani mwanayu. Amayi aja amene anabwera kudzagwira mwana anagwira mayi. Nyimbo inayamba, anthu a pamzere anatuluka m'mikhukhu yawo, ngakhale agogo otukwana aja anabwera n'kukhala pakhomo. Ine ndinalira ngati Dorah ndinkamudziwa, chonsecho ndinangomuonapo pafoni. Lusubilo anakhala pakati pathu maso ali gwa. Nthawi ina anadzuka n'kukatungira mayi ake madzi akumwa, anawapatsa atagwada, n'kubwerera pamalo pake. Gertrude anatambasula dzanja kuti amukokere pachifuwa. Mwanayo sanakane, koma anangokhala chowuma mpaka mayi akewo anamusiya okha.

Anthu atabalalika, Bonaventure anabwera pawindo langa kudzagula fodya. Anati komabe mwana walemba mayeso. Ndinamuuza kuti fodya watha, ngakhale anali pashelefu akumuona.

Patapita masiku Lusubilo anapempha chinthu chimodzi, kuti akaone manda. Palibe amene akanamukaniza. Gertrude anafuna kupita naye, koma mu Disembala madamu ndi banja lawo amapita kunyanja, ndipo nyumba ndi agalu amasiyira iye. Anagwirizana kuti mwana apita ndi mayi wina wa kutchalitchi amene ankapita ku Dedza, adzabwera naye mu Januwale sukulu isanatsegulidwe. Zotsatira zinatuluka, anakhoza, ndipo Gertrude anayenda nazo mzere wonse akuonetsa anthu. Mwini wake anangoti zikomo.

M'masiku amenewo Gertrude anayesetsa, ndimuchitire umboni. Ankabwera msanga kuntchito. Anayamba kumusimbira mwanayo za Dorah ali mtsikana, mmene ankabera mango kwa abusa, mmene anamenyera mnyamata wina pachitsime. Anapepesa, ndinamva ndekha kudzera m'lata, anapepesa mpaka mawu kusasa. Lusubilo ankayankha kuti palibe kanthu mami, munachita zimene munaona kuti n'zabwino. Ndikanakonda akanakalipa, akanaswa mbale, chifukwa mwana wokalipa amakhala akadali wako. Uyu ankangovomera chilichonse mwaulemu.

Tsiku lolongedza ndinalipo, ndinabweretsa shuga ndi mafuta ophikira zoti akapereke kumudzi. Lusubilo anaika m'chikwama madiresi ake, Baibulo, nsapato zonse. Kenako anatenga jekete lake lalikulu la dzinja ndi bulangete, n'kuyamba kuzikanikizira pansi pa chikwamacho. Ku Dedza mu Disembala kumagwa mvula, jekete lotere limafunika mu Juni. Gertrude anaona, ine ndinaona. Ndinamutsina pamkono kuti alankhule, iye anangothandiza mwanayo kukoka zipi.

Tinamuperekeza ku Joni m'tauni, kokwerera mabasi a kumudzi. Kunali piringupiringu wa Disembala, machona ndi mafiriji awo, njinga, matumba a mizeremizere omanga ndi tepi, makondakitala akukuwa mayina a Mwanza, Blantyre, Lilongwe. Chikwama chinalowa pansi pa basi. Mayi wa kutchalitchi uja anakwera kukagwira mipando. Gertrude anali atagwira dzanja la mwana wake kuyambira m'thekisi, ndipo basi italiza hutala m'pamene analimba mtima.

"Lusu, sukulu akutsegulira pakati pa Januwale. Yunifolomu ndikuchapira, uipeza yosita. Ubwera, eti?"

Lusubilo anasolola dzanja lake pang'onopang'ono. Anayang'ana pansi pamene panali mafuta a galimoto ndi makoko a nthochi, anakonza chitenje chake, n'kugwada pomwepo pamaso pa anthu onse. Anagwira dzanja la mayi ake ndi manja awiri, monga amachitira mlendo wakhalidwe potsanzika pakhomo pamene anafikira.

"Mami, mwandisunga bwino. Munandidyetsa, munandilipirira sukulu, ndikadwala mumandigulira mankhwala. Sindinasowe kanthu pakhomo panu. Mulungu akubwezereni."

Gertrude anatsegula pakamwa. Ndinaganiza kuti amudzutsa, amukalipira, amuuza kuti pakhomo pa mayi ako suthokoza choncho. Koma mawu otsanzikira mlendo ali ndi yankho lake, ndipo ndi limene linatuluka.

"Zikomo," anatero Gertrude. "Muyende bwino. Mukapereke moni kwanuko."

Mwanayo anadzuka, anapukuta maondo, anandigwira chanza inenso, n'kukwera. Mpando wake unali mbali inayo, ndiye sitinamuonenso pawindo. Tinaima pomwepo mpaka basi inatuluka pageti, kenako ndinamugwira Gertrude pamkono kuti tikafune thekisi, chifukwa agalu a madamu anali asanadye.